Musanalipire kosi ya ambulansi kuno ku Joni, yambani mwafunsa za kaundula

Ine ndimagwira ntchito ya ambulansi kuno ku Joni. Achemwali ena andilembera pa imelo sabata yathayi, ndipo andilola kuwayankha poyera bola ndisatchule dzina lawo. Kwawo ndi ku Mulanje, ali ndi zaka 24, ndipo chaka chino ndi chachitatu akusamalira gogo wina wodwala sitiroko ku Randburg. Kalata yawo inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu:

"Achimwene, tsiku lina agogo amene ndimawasamalira anakomoka m'bafa. Ndinaimba foni, ambulansi inabwera, ndipo nditaona mmene anyamata aja anagwirira ntchito mtima unandiuza kuti ntchito yanga ndi imeneyi. Chiyambire tsikulo ndimaonera mavidiyo a EMT pa YouTube, ndipo ndinakopera mafunso a mayeso a NREMT. Pa gulu lathu la WhatsApp munthu wina waika uthenga wa koleji ina m'tauni, akuti kosi ya masabata 6, R8,500, ukamaliza ndiwe paramedic. Ndasunga R6,000. Ndili ndi MSCE. Kodi ndilipire? Nanga mayeso ndi ma practical ndingawakonzekere bwanji?"

Achemwali, musalipire. Ndalama zanuzo zikhale pomwe zili, ndipo munthu wa kolejiyo akaimba foni n'kumati malo atsala awiri okha, muuzeni kuti mukufunsa kaye kwa akuluakulu.

Ndiyambe ndi dzinalo. EMT ndi dzina la ku America, ndipo NREMT ndi bungwe la konko limene limayesa anthu awo. Mavidiyo mukuonerawo si oipa, thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse, koma mayeso amenewo kuno sakulowetsani mu ambulansi ya aliyense. Kuno ku South Africa mwini kaundula ndi Health Professions Council of South Africa, imene tonse timangoti HPCSA, maofesi ake ali ku Arcadia, ku Pretoria. M'kati mwake muli nthambi yoona za ife a ambulansi, Professional Board for Emergency Care. Lamulo la Health Professions Act la 1974 limati kugwira ntchito yachipatala usanalembedwe m'kaundulayu ndi mlandu. Ndiye funso lofunsa pa kosi iliyonse ndi limodzi: ndikamaliza, HPCSA idzandilemba ngati ndani?

Ine ndinalowa ntchitoyi m'chaka cha 2012, kudzera pa khomo limene pano linatsekedwa. Nthawi imeneyo kunali kosi ya Basic Ambulance Assistant, aliyense ankangoti BAA, ya pafupifupi mwezi umodzi. Ukagwira ntchito maola 1,000 unkatha kufunsira kosi ya Ambulance Emergency Assistant (AEA), ya miyezi ingapo, ndipo pamwamba pake panali Critical Care Assistant (CCA). Ine ndinafika pa AEA mu 2015. M'chaka cha 2017 nduna ya zaumoyo inatulutsa malamulo otseka makosi afupiafupiwa. Kaundula wa BAA ndi wa CCA anatsekedwa mu Januwale 2018, wa AEA mu Januwale 2020. Ife amene tinalembedwa kale tikugwirabe ntchito bola tizilipira chaka ndi chaka, koma munthu watsopano sangalowerenso pamenepo. Anzanga ena zinawapweteka, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa khomo limene lija ndi limene ankalowera mwana wa munthu wosauka. Komabe ndinene chilungamo: mwezi umodzi unali wochepa kwambiri kuti munthu apatsidwe moyo wa mnzake m'manja, ndipo makoleji ankatulutsa anthu masauzande amene mpaka lero ntchito sanaipeze.

Tsopano njira zilipo zitatu. Yaifupi kwambiri ndi Higher Certificate in Emergency Medical Care, ya chaka chimodzi chathunthu, ndipo womaliza amalembedwa ngati Emergency Care Assistant. Yachiwiri ndi Diploma in Emergency Medical Care, ya zaka ziwiri. Yachitatu ndi digiri ya zaka zinayi, imene imakupanga Emergency Care Practitioner, amene timati ECP, munthu woyenda pa galimoto yaing'ono yothamangira odwala kwambiri ndiponso wokwera helikopita. Kuno ku Joni digiriyi imaphunzitsidwa ku University of Johannesburg, pa kampasi ya Doornfontein. Boma la chigawo cha Gauteng lili ndi Lebone College of Emergency Care ku Pretoria, ndipo makampani a zipatala monga Netcare ndi Mediclinic ali ndi masukulu awoawo. Mwaona kuti pa zonsezi palibe ya masabata 6.

Chaka chatha pa malo athu a ntchito panabwera mnyamata wa ku Mangochi, atavala shati yoyera yosita bwino, envelopu ili m'manja. Anamva kuti pali Mmalawi mnzake ndiye anandifunafuna. Anatulutsa satifiketi ya pepala lokhuthala, ya chidindo chagolide, dzina lake litalembedwa mokongoletsa. Ndinamufunsa nambala yake ya HPCSA, iye anandiyang'ana ngati ndalankhula Chifalansa. Tinatsegula foni limodzi n'kufufuza mndandanda wa masukulu ovomerezeka, sukulu yakeyo munalibe. Anaimba ku ofesi kwawo, foni inangolira. Mnyamatayo anakhala pa benchi nthawi yaitali osalankhula, kenaka anati ndalamazo anabwereka kwa amalume ake amene amasoka zovala ku Fordsburg. Chikomekome cha nkuyu, achemwali. Nkhope yake ija ndi imene yandichititsa kuti ndikuyankheni motalika chonchi.

Kufufuzako si kovuta. Uzani a koleji akulembereni dzina lenileni la maphunzirowo, monga lilili pa satifiketi. Kenaka pitani pa webusaiti ya HPCSA mukaone mndandanda wa masukulu ololedwa kuphunzitsa za ambulansi chaka chimenecho, chifukwa umasintha. Ngati ndi sukulu yoti si ya boma, iyeneranso kupezeka m'kaundula wa Department of Higher Education and Training. Akakuuzani kuti "ndife ovomerezeka ndi SETA", dziwani kuti ma SETA ndi mabungwe oona za maphunziro a luso la pantchito, si HPCSA, ndipo nthawi zambiri akunena za First Aid. First Aid ndi yabwino, ndipo ndingakulimbikitseni kukaichita ku St John kapena ku Red Cross, kumene sakunamizani kuti mwasanduka paramedic. Ndi ya masiku ochepa, mtengo wake sufika pa ndalama akukutchulaniyo, ndipo kwa inu osamalira okalamba idzakuthandizani pompano.

Tsopano nkhani imene anthu sakonda kuimva, ya mapepala. Simunandiuze kuti muli kuno pa chilolezo chanji, ndipo musandilembere zimenezo pa intaneti. Ndingokuuzani mmene zilili. Ine mwayi wanga unali wakuti bambo anga analandira chilolezo chokhazikika mu 1996, pamene boma linapereka mwayi kwa nzika za maiko a SADC zimene zinakhalitsa kuno, ndipo ife ana tinalowera momwemo. Popanda zimenezo sindikudziwa ngati ndikanavala yunifolomuyi, ndiye sindingakuuzeni kuti n'zophweka. Munthu wopanda chilolezo chokhazikika amafunika viza ya sukulu. Kuchokera mu 2014 malamulo salola kuti wolowa ngati mlendo wa masiku 30 asinthe chilolezo chake ali konkuno, ndiye kufunsira kwake n'kobwerera kumudzi, ndipo ofesi ya kazembe wa South Africa ili ku Lilongwe. Amafuna kalata yoti sukulu yakulandirani, umboni wa ndalama, ndi medical aid yolembetsedwa kuno. Viza ya sukulu imalola kugwira ganyu maola 20 okha pa sabata, ndipo thandizo la NSFAS, bungwe la boma lolipirira ophunzira, silifika kwa munthu wa viza yotere. Mukamaliza pali phiri lina: mlendo wofuna kugwira ntchito yachipatala amafunika kalata yomuvomereza kuchokera ku unduna wa zaumoyo, ku nthambi ya Foreign Workforce Management, ndipo boma lino ndondomeko yake ndi yosafuna kukokera kuno antchito a zaumoyo a maiko osauka, makamaka a SADC. Zimenezi muzifunse musanayambe sukulu, osati mutamaliza. Funsaninso ku Medical Council of Malawi kuti pepala limene mukufunalo angalilandire bwanji mutaganiza zobwerera kumudzi. Aliyense amene anayendapo pa M1 ya kwathu, pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, akudziwa kuti manja otere akufunika kumenekonso.

MSCE yanu iyenera kupita ku South African Qualifications Authority (SAQA) kuti akaiyerekeze ndi maphunziro a kuno. Ngati mukufuna digiri, palinso Matriculation Board ya Universities South Africa imene imagamula ngati mungalowe. Onani bwino magiredi anu a Chingerezi, Masamu, Biology ndi Physical Science, chifukwa ndi amene amayang'anidwa. R6,000 yanu ija, ngati ikuyenera kuyamba kutuluka, ituluke apa. Mafomu a sukulu amatsekedwa miyezi ingapo chaka chisanathe, ndipo a SAQA satulutsa yankho tsiku limodzi, ndiye wofuna kuyamba chaka cha mawa ayambe kuthamanga pano.

Zonsezi zingatenge chaka kapena ziwiri, koma nthawi imeneyo si yongokhala. Mwandifunsa za kukonzekera, ndipo zambiri zofunika sizilira ndalama.

Yambani ndi thupi. Masukulu ngati University of Johannesburg amayesa kuthamanga, kusambira, komanso ngati mumaopa malo okwera kapena opanikiza, chifukwa maphunziro ake ali ndi mbali yopulumutsa anthu pa zingwe, m'madzi ndi m'galimoto zophwanyika. Amalawi ambiri a kumtunda chimatigwetsa ndi kusambira. Anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay amabadwira m'madzi, koma ife ena tinakula tikungosamba pa mwala m'mphepete mwa mtsinje. Ngati simudziwa kusambira, yambani mwezi uno pa madamu a khonsolo, ngati la ku Linden limene lili kufupi nanu, mpaka muzitha mamita 200 osaima. Kuthamanga, pitani ku parkrun ya ku Delta Park Loweruka m'mawa, makilomita 5, yaulere. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye masabata oyamba chifuwa chidzakutenthani, koma chimazolowera. Limbitsaninso miyendo ndi msana. Nyumba zambiri za ku Hillbrow ndi ku Berea zikepe zake zinafa kalekale, ndipo wodwala wolemera makilogalamu 100 mudzamutsitsa pa masitepe kuchokera pa nsanjika yachisanu ndi chitatu, inu ndi mnzanu awiriwiri. Mwina munamvapo kuti ntchitoyi si ya akazi. Amene anandiphunzitsa kunyamula machira osathyola msana anali mayi wamfupi kuposa ine, ndipo lero akazi adzaza m'ma ambulansi.

Laisensi yoyendetsera galimoto nayonso muiganizire. Olemba ntchito ambiri amafuna ya Code 10, imene pa khadi amalemba C1, pamodzi ndi chilolezo chonyamulira anthu chotchedwa PrDP, chimene amapereka kwa wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi jakisoni atatu, wachiwiri pakatha mwezi, wachitatu pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndiye muyambiretu.

Za mabuku, musathamangire mankhwala ndi ma ECG, zojambula za kagundidwe ka mtima, amene mukuona pa YouTube. Bwererani ku Biology ya Fomu 3 ndi Fomu 4. Mudziwe mmene magazi amayendera kuchoka ku mtima kupita ku mapapo n'kubwerera, mpaka muzitha kujambula osaonera. Mudziwe chifukwa chake munthu wotaya magazi mtima wake umathamanga, khungu n'kuzizira, BP isanatsike. Ophunzira amene amavutika chaka choyamba ambiri amagwa pa Anatomy, Physiology ndi masamu a mankhwala, zogawa ndi zosintha mamiligalamu kukhala mamililita. Chingerezi cha m'mabukumo chili ndi mawu a Chilatini ndi Chigiriki, koma mukadziwa kuti tachy ndi kufulumira, brady ndi kuchedwa, hypo ndi kuchepa, hyper ndi kuchuluka, theka la mantha latha. Malangizo amene timatsata kuno ndi Clinical Practice Guidelines a HPCSA a 2018, ndipo za CPR, yotsitsimutsa munthu amene mtima waima, mudalire za Resuscitation Council of South Africa.

Manambala ena ayenera kukhala m'mutu ngati nambala ya foni ya amayi anu. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, kupuma ndi ka 12 mpaka 20. Pa CPR timakanikiza pachifuwa ka 30 n'kupereka mpweya kawiri, liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6. Poyesa ngati munthu ali maso timagwiritsa ntchito Glasgow Coma Scale, imene imayambira pa 3 kulekeza pa 15. Ku zipatala za kuno odwala amasankhidwa ndi South African Triage Scale: wofiira aonedwe nthawi yomweyo, wa olenji pasanathe mphindi 10, wachikasu pasanathe ola, wobiriwira pasanathe maola 4.

Koma kuloweza kokha sikupambanitsa mayeso a ntchitoyi. Pali olemba, inde, koma amene amagwetsa anthu ndi a manja, otchedwa OSCE, ndi ena amene timati simulation. Umalowa m'chipinda, pansi pagona chidole, pakona pakhala mphunzitsi ndi pepala, osakuseka, osakugwedezera mutu. Amangoti, "Mwaitanidwa kwa bambo wa zaka 50 amene wagwa pa makwerero," basi wotchi yayamba. Chilichonse ukuchita uzichinena mokweza, chifukwa chimene sunanene amachitenga ngati sunachite. Ndaona anthu anzeru akulephera mphindi yoyamba chifukwa anathamangira wodwala osavala magolovesi, osanena kuti ayang'ana ngati malowo ndi otetezeka. Ndondomeko yake ndi yosasintha: ngozi pamalopo, kodi wodwala akuyankha, magazi otuluka kwambiri, njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi. Pezani mnzanu, mugoneke pa mphasa, muzibwereza mokweza m'Chingerezi mpaka pakamwa pazilankhula pokha. Tsiku la mayeso manja amanjenjemera, mutu umauma, ndipo chimakupulumutsa ndi chimene unabwereza ka 100.

Zoyang'ana kaye malo zija musazione ngati mwambo wa mayeso chabe. Pa 24 Disembala 2022 ku Boksburg, thanki yonyamula gasi inakakamira pansi pa mlatho pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial n'kuyamba kuyaka. Anthu anasonkhana kudzaonerera, kenaka inaphulika, ndipo anthu oposa 40 anamwalira, ena mwa iwo antchito a chipatala. Kuno kulinso madera amene ambulansi silowa usiku popanda apolisi, chifukwa anzathu akhala akulandidwa mafoni ndi zipangizo atalozedwa mfuti. Wophunzira amafuna kudumpha galimoto isanaime, ndipo ntchito yanga yoyamba ndi kumugwira phewa.

Tifike pa ma practical enieniwo. Sukulu ikakulembetsani ku HPCSA ngati wophunzira, imakutumizani ku ma shifiti a maola 12, usana ndi usiku, ena pa ambulansi, ena ku zipatala. Ophunzira a kuno amadutsa m'malo ngati Chris Hani Baragwanath ku Soweto, chipatala cha mabedi oposa 3,000, Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph ku Auckland Park, ndi Rahima Moosa kumene kumachirira amayi. Amakupatsani buku lolembamo wodwala aliyense ndi luso lililonse mwachita, ndipo wokuyang'anirani amasaina. Bukulo mulisamale ngati pasipoti, ndipo musainitse shifiti isanathe, chifukwa munthu amene munali naye Lachisanu usiku mwina simudzakumananso naye. Musalembe chimene simunachite. Siginecha yabodza imachotsetsa munthu sukulu, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti tsiku lina mudzakhala nokha ndi wodwala, luso lija mulibe.

Ine wophunzira ndimamudziwa pa mphindi 30 zoyamba. Wina amafika nthawi itakwana, n'kukhala kutsogolo akuseweretsa foni kudikira kuti tiitanidwe ku ngozi yaikulu. Wina amafika kusanache bwino, n'kupempha kuti ayendere galimoto: okosijeni watsala wochuluka bwanji m'masilinda, makina oyamwa madzi m'kamwa akugwira kapena ayi, mabatire, mabandeji, magolovesi a saizi yake ali kuti. Wachiwiriyu ndi amene ndimamupatsa singano kuti aike dilipi mpata ukapezeka. Kupukuta magazi pa machira ndi kusintha nsalu ndi ntchito ya tonse. Ku chipatala, lemekezani ma sister. Moni woyamba upite kwa iwo, chifukwa namwino amene wakhala ku casualty zaka 20 akakukondani adzakuitanani pa chilichonse chophunzirapo.

Pali zinthu zimene buku silingakupatseni. M'kalasi BP mumaiyeza m'chipinda chachete, mukumva bwinobwino kugunda m'makutu. Mu ambulansi yothamanga pa N1, sairini ikulira, matayala akugunda m'maenje, simumva kanthu. Mumaika zala ziwiri pa mtsempha wa padzanja, n'kupopa mpaka kugunda kutasowa, kenaka n'kumatsitsa mpweya pang'onopang'ono, maso ali pa muvi, mpaka kugunda kutabwerera pansi pa zala zanu. Nambala imeneyo ndiye ya pamwamba. Mudzaphunziranso kusakhulupirira maso okha. Bambo wonunkha mowa, wolankhula zosamveka pa mapeto a mwezi, aliyense amati waledzera, koma mukamubaya chala mupeza shuga watsika kwambiri. M'nyengo yozizira, Juni ndi Julayi, mudzalowa m'timanyumba ta malata mmene banja lagona ndi mbaula, zitseko zotseka, onse mutu ukuwawa, wina wakomoka. Kamakina ka pachala kadzakuonetsani kuti okosijeni ali bwino, chonsecho utsi wa makala wosaoneka ndi wosanunkha uja walowa kale m'magazi, ndipo kamakinako sikatha kusiyanitsa. Awa ndi anthu athu, achemwali, ena ndi a kwathu komwe, ndipo mbaula ija Azulu amaitchula pafupifupi chimodzimodzi, imbawula.

Ndafika pa chilankhulo. Mayeso ndi a Chingerezi, koma odwala ambiri amamva kuwawa m'Chizulu ndi m'Chisotho. Gogo wa ku Soweto simungamuyambe ndi "What is your complaint?" Mumagwada kuti maso afanane, n'kunena "Sawubona gogo, kubuhlungu kuphi?" ndipo kwa wolankhula Chisotho, "Ho bohloko kae?" Ife Amalawi tili ndi poyambira, chifukwa mawu ambiri ndi apachibale: chifuwa ndi isifuba, magazi ndi igazi. Ena mudzakumana nawo amene akamva kalankhulidwe kanu adzafunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo si onse adzafunse mwachikondi. Zinandichitikirapo kangapo, wina mpaka anakana kuti ndimugwire. Ndinamusiyira mnzanga, ine n'kukayendetsa galimoto. Zimapweteka, sindikubisirani, koma wodwala amakhalabe wodwala.

Chichewa chanunso chidzagwira ntchito. Usiku wina tinaitanidwa ku fulati ina ku Berea, magetsi atazima, tikukwera masitepe ndi tochi. M'chipinda chogawidwa ndi makatani munali anyamata anayi ataimirira, wachisanu atakhala pansi atatsamira khoma, thaulo lili pamimba, lonyowa ndi magazi. Anabayidwa akuchokera ku ntchito, ndipo panali patatha maola awiri. Mnzanga ankafunsa m'Chizulu, onse kungoti duu. Kenaka ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Usatchule dzina, atitengera ku Lindela." Ku Lindela ndi kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndinagwada n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndi wa kwanu komwe. Sindinabwerere mapepala, ndabwerera balali. Chotsani dzanja ndione." Mnyamatayo anayamba kulira. Khungu lake linali lozizira, lathukuta, mtima ukuthamanga pa 130, ndipo ndinadziwa kuti magazi ambiri akutayikira m'kati. Tinamutsitsa, anzake akuunikira ndi mafoni, ine ndikumulankhula za kwawo ku Machinga kuti asagone. Anafika ku chipatala ali moyo. Maola awiri aja anatayika chifukwa cha mantha, chonsecho gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Owerenga nonse, nambala ndi 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Imbani msanga.

Dzitetezeni inunso. Singano yogwiritsa kale ntchito isabwezeredwe chivindikiro, ipite m'chigubu chake nthawi yomweyo. Ikakubayani musabise poopa kukalipiridwa, nenani pompo, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa msangamsanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Wodwala wotsokomola, wowonda, valani masiki ya N95, TB kuno ndi yambiri. Ndipo pali mabala ena osaoneka. Mwana woyamba kumwalira m'manja mwanu simudzamuiwala. Ife tinaleredwa kuti mwamuna salira ndipo zakuntchito zimatsala kuntchito, koma ndaona anzanga olimba akumira m'mowa chifukwa chosunga zinthu mumtima. Mukhale ndi munthu wolankhula naye, kaya ndi mlangizi wa pasukulu, kaya ndi amayi a ku mpingo amene amatha kumvetsera osakudulani.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi zaka zitatu mwakhala ndi agogowo. Ophunzira ambiri amabwera asanagwirepo thupi la munthu wodwala. Amachita manyazi kuvula wokalamba, amanyansidwa ndi mkodzo, sadziwa kutembenuza munthu wofa ziwalo mbali imodzi osamupweteka phewa. Inu zimenezo mumachita tsiku lililonse dzuwa lisanatuluke. Mumadziwa nkhope yopotoka, dzanja lofooka ndi lilime lolemera la sitiroko, ndipo mudzamvetsa msanga chifukwa chake timafunsa achibale kuti "munamuona ali bwino nthawi yanji komaliza", popeza mankhwala osungunula magazi oundana ali ndi malire a maola anayi ndi theka. Pa intavyu ya sukulu zimenezi muzinene, musazichepetse ngati ganyu wamba.

Ndiye mawa m'mawa, mukamaliza kuwasambitsa, apempheni agogowo dzanja. Ikani zala ziwiri pa mtsempha wa kumbali ya chala chachikulu, muwerenge masekondi 30, muchulukitse kawiri. Mukatero musachotse zala, muzioneka ngati mukuwerengabe mtima, koma maso akhale pachifuwa kuwerenga kupuma, chifukwa munthu akadziwa kuti mukumuwerengera mpweya amasintha kapumidwe. Lembani m'kope tsiku, nthawi, manambala awiriwo, ndi mmene khungu likuonekera. Chitani zimenezo m'mawa ndi madzulo. Dzina la kosi ya m'tauni ija munditumizire monga analilembera pa uthenga wawo, pamodzi ndi magiredi anu a MSCE. Ndili pa shifiti ya usiku mpaka Lachinayi, ndidzakuyankhani Lachisanu ndikadzuka.